Mwana Akamapita Kukaphunzira ku Scotland, Mukonzekeretseni za Dzuwa Lochepa

Kalata yoti mwana wasankhidwa kukaphunzira kunja ikafika pakhomo, nkhani imakhala ya pasipoti, viza, sutikesi ndi jekete. Amayi amayamba kukazinga mtedza, abambo amathamanga ndi za ndalama, achibale amabwera kudzatsanzikana. Zonsezi n'zofunika. Koma mafunso amene amatipeza ife a zaumoyo mumpingo amabwera mochedwa, mwana atakhala kale kumeneko miyezi iwiri kapena itatu. Kholo lina limati mwana sakugona. Lina limati kalasi yake yagwera pa Sabata. Lina limati watentha thupi koma akungomwa mankhwala a chimfine. Mwezi uno tiyeni tikambirane mafunso amenewa mwanayo asanakwere ndege.

Ndasankha Scotland chifukwa ubale wathu ndi dziko limenelo ndi wakale. Mzinda wa Blantyre unatchedwa dzina la tauni ya ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Dr Hastings Kamuzu Banda anaphunzirako udokotala ku Edinburgh. Mu 2005 maboma a Malawi ndi Scotland anasainirana pangano la mgwirizano, ndipo sukulu, makoleji ndi zipatala za mbali zonse ziwiri zimatumizirana ophunzira ndi aphunzitsi. Ena amapita milungu yochepa, ena teremu imodzi, ena chaka chathunthu. Zambiri zimene ndinene zikhudzanso wopita ku England, Norway, Germany kapena Canada.

Chimene chimadabwitsa mwana wa kuno akafika kumeneko si chakudya kapena chilankhulo ayi, koma dzuwa. Ife tinazolowera kuti dzuwa lilipo basi, ngati mpweya. Kumeneko limachepa miyezi ingapo, ndipo kwa mwana wa Adventist kuchepa kwake kumakhudza Sabata lake, mafupa ake, tulo take ndi maganizo ake.

Sabata lolowa masana

Kuno kwathu dzuwa limalowa pakati pa 5:15 ndi 6:30 madzulo chaka chonse. Wophunzira amaweruka Lachisanu, n'kuchapa, n'kusita, n'kusamba, nthawi yolandira Sabata isanakwane. Ku Edinburgh ndi ku Glasgow si choncho. Pakati pa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa ndipo limalowa cha m'ma 3:40 masana. Ku Aberdeen, kumpoto, limalowa msanga kuposa pamenepo. Mu Juni zimatembenuka: dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku.

Timasunga Sabata kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu kufikira kulowa kwa dzuwa Loweruka, monga tiwerenga pa Levitiko 23:32. Izi zikutanthauza kuti kuyambira Novembala mpaka Januwale, kalasi kapena labu ya Lachisanu yoyamba 3 kapena 4 koloko masana imalowa m'maola a Sabata. Mwana amene wafika mu Seputembala sangaone vutoli, chifukwa nthawi imeneyo dzuwa limalowa cha m'ma 7 koloko. Amasankha maphunziro ake mtima uli m'malo. Kenako Lamlungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ola limodzi, ndipo mwadzidzidzi Lachisanu madzulo kwada iye ali m'kalasi.

Njira yake ndi kuyamba msanga. Asanasankhe maphunziro, mwanayo ayang'ane pa intaneti nthawi yolowera dzuwa ya mzinda umene akupita, Lachisanu lililonse la teremu yonse, ndipo aiyerekeze ndi ndandanda ya makalasi. Ngati pali kuwombana, alembere mphunzitsi woyang'anira ophunzira ochokera kunja mlungu woyamba womwewo, mwaulemu ndi momveka. Ku Britain kuli lamulo la mu 2010 loletsa kusala munthu chifukwa cha chipembedzo, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi njira yomvera ophunzira amene mayeso awo agwera pa tsiku lawo lopembedza. Koma amafuna kuuzidwa nthawi ikadalipo. Ena amalembetsa mayeso Loweruka, choncho funso limeneli lifunsidwe pachiyambi. Abusa kapena mlembi wa mpingo amulembere kalata ya Chingerezi yotsimikizira kuti ndi membala wosunga Sabata. Wopempha mu Seputembala amapeza gulu lina la labu losinthana nalo. Wopempha mayeso atatsala masiku atatu amaoneka ngati akuthawa mayeso.

Tikiti ya ndege nayonso iganiziridwe. Ulendo wochokera ku Lilongwe kapena ku Chileka, kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, umatenga usiku wonse ndi gawo la tsiku lotsatira. Wonyamuka Lachisanu amakafika pa Sabata. Ngati amene akugula tikiti ndi a bungwe lopereka maphunzirowo, auzeni tikitiyo isanadulidwe.

Dzuwa ndi mafupa, dzuwa ndi maganizo

M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Ellen G. White anaika kuwala kwa dzuwa pakati pa mankhwala achilengedwe asanu ndi atatu. Khungu lathu likawombedwa ndi dzuwa limapanga vitamini D, amene amathandiza thupi kutenga kashiamu m'chakudya kuti mafupa, mano ndi minofu zikhale zolimba. Ku Scotland, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, dzuwa limakhala lotsika kwambiri moti khungu silipanga vitamini D wokwanira ngakhale tsiku lopanda mitambo. Khungu lakuda, limene limatiteteza bwino ku dzuwa la kwathu, limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange vitaminiyo.

N'chifukwa chake a zaumoyo a ku Britain amalangiza aliyense kumwa vitamini D wokwana mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse m'miyezi imeneyi, ndipo anthu a khungu lakuda amalangizidwa kumwa chaka chonse. Pabotolo amalemba 10µg kapena 400 IU. Amagulitsa m'mafamase ndi m'masitolo akuluakulu popanda kalata ya dokotala, ndipo si wodula. Vitaminiyu amapezekanso m'mazira, mu nsomba zamafuta, ndi mu mkaka wa soya umene wawonjezeredwa mavitamini, koma chakudya chokha sichikwanira. Wosowa vitamini D amatopa popanda chifukwa, ndipo amamva kuphwanya m'mafupa ndi kufooka kwa minofu. Asapyole mlingo poganiza kuti wambiri ndiye wabwino, chifukwa vitaminiyu akachuluka m'thupi amavulaza impso.

Mdima umakhudzanso maganizo. Pali mtundu wa matenda a kukhumudwa umene umabwera m'nyengo yozizira n'kuchepa dzuwa likabwerera. Munthu amagona kwambiri koma osatsitsimuka, amafuna zotsekemera, safuna kuona anthu, ndipo zimene ankakonda sizimukomanso. Kwa mwana amene alinso ndi chifundo cha kwawo, katunduyo amalemera kawiri. Makolo, mwana akayamba kulankhula motere musathamangire kunena kuti wafooka m'chikhulupiriro kapena kuti sakuyamika mwayi umene wapeza. Eliya, mneneri wa Mulungu, anafika pofuna kufa m'chipululu, ndipo thandizo loyamba limene analandira linali tulo, mkate ndi madzi.

Chothandiza ndi kutuluka panja tsiku lililonse masana, pakati pa 11 koloko ndi 2 koloko, n'kuyenda ndawala mphindi 30 ngakhale kuli mitambo kapena mvula yowaza. Atsegule makatani kukangocha, akhale pafupi ndi zenera powerenga, ndipo agone ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Ngati kukhumudwako kwapitirira milungu iwiri, akaonane ndi dokotala kapena alangizi a pasukulupo. Ngati abwera maganizo ofuna kudzipha, aimbe 116 123, nambala yaulere ya bungwe la Samaritans, usana kapena usiku. Kupemphera ndi kupita kwa dokotala sizitsutsana.

M'chilimwe chawo vuto limakhala lina. Kumacha isanakwane 5 koloko m'mawa, ndipo 10 koloko usiku kukadali kowala. Thupi limanyengeka n'kuchedwa kugona. Makatani ochindikala kapena kansalu kophimba m'maso kamathandiza.

Kuzizira ndi chipinda

Jekete yolemera ya pakaunjika ndi yabwino pofikira, koma chofunda bwino ndi zovala zingapo zovalirana: chamkati chogwira thupi, juzi, ndi chapamwamba chosalowa madzi ndi mphepo. Chipewa, magolovesi, masokosi ochindikala ndi nsapato zosalowa madzi n'zofunika kuposa suti. Amene ali ndi mphumu kapena matenda a sickle cell adziwe kuti kuzizira kumadzutsa matendawa, ndipo akambirane ndi dokotala wawo asananyamuke.

Chenjezo lalikulu ndi ili: asayatse mbaula kapena makala m'chipinda, ngakhale magetsi atadula motani. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, ndipo nyumba za kumeneko n'zotsekeka kwambiri moti munthu amafera m'tulo. Komanso asatseke mazenera mwezi wathunthu. Kuyanika zovala m'chipinda chotseka kumabweretsa chinyontho ndi nkhungu yakuda pakhoma, zimene zimayambitsa chifuwa. Atsegule zenera kwa mphindi 10 m'mawa uliwonse kuti mpweya usinthe.

Tebulo la ku Babulo

Danieli ndi anzake atatu, Hananiya, Misaeli ndi Azariya, anali ophunzira m'dziko lachilendo. Anapita mokakamizidwa, koma maphunziro awo anali a zaka zitatu, chilankhulo chinali chatsopano, ndipo chakudya chinkachokera kwa mfumu. Powerenga Danieli 1 tione zinthu ziwiri. Danieli anatsimikiza mumtima mbale isanafike patsogolo pake. Ndipo sanachite mwano: anapempha mwaulemu, n'kupereka njira yoti ayesedwe masiku 10. Mwana wathu akufunika zonse ziwiri.

Ku Scotland kupeza chakudya chopanda nyama n'kosavuta. M'masitolo muli nyemba zam'chitini ndi zouma, mphodza, nsawawa, kabichi, kaloti, mbatata ya kachewere, mpunga ndi buledi wosapuntha. Phala la oats, limene eni dziko amadya m'mawa, ndi lotsika mtengo ndipo limakhalitsa m'mimba. Ufa wa nsima umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'mizinda ikuluikulu. Mwana amene akudziwa kuphika nyemba, ndiwo zamasamba zotendera ndi nsima sadzavutika. Amene sadziwa adzakhalira tchipisi, zakumwa zotsekemera ndi zophikaphika za m'mapaketi, ndipo adzabwera atanenepa koma magazi ali ochepa. Amayi, miyezi yotsalayi mulowetseni m'khitchini, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata.

Aphunzire kuwerenga zolembedwa papaketi. Mawu akuti pork, ham, bacon, gammon ndi lard onse ndi nkhumba kapena mafuta ake. Gelatine wa m'maswiti ofewa nthawi zambiri amachokera ku nkhumba. Black pudding, imene amaika pa chakudya cha m'mawa, imapangidwa ndi magazi. Haggis, chakudya chotchuka cha dzikolo, ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zosakaniza ndi oats, koma ilipo ina yopanda nyama. Ngati akakhala ndi banja lomusunga, awalembere asanafike kuwauza zimene sadya. Ndi bwino kutero kusiyana ndi kukana mbale imene mayi wa pakhomopo wavutika nayo. Ndipo musamuikire nyama youma kapena mkaka m'sutikesi, chifukwa malamulo a ku Britain salola wochokera kuno kulowa nazo.

Chiyeso chachikulu si nkhumba koma mowa. Mlungu woyamba wa chaka cha yunivesite umakhala wa zisangalalo zolandira ophunzira atsopano, ndipo zambiri zimachitikira m'malo omwera. Vuto la mowa ndi lalikulu m'dzikolo moti mu 2018 boma la Scotland linaika mtengo wotsikitsitsa umene mowa sungagulitsidwe pansi pake. Mwana wathu sadzamwa chifukwa cha ludzu. Adzamwa chifukwa choopa kukhala yekha. Choncho kumuuza kuti "usamwe" n'kosakwanira. Akhale ndi yankho lalifupi lokonzeratu, loti samwa mowa, popanda kupepesa kapena kulalikira, ndipo afune anzake kumene kulibe botolo: kwaya, timu ya mpira, gulu loyenda m'mapiri, gulu la ophunzira a ku Africa. Ophunzira osamwa alipo ambiri, Asilamu, Akhristu ndi ena osapemphera n'komwe.

Malungo popita, malungo pobwera

Wopempha viza ya ku Britain yopitirira miyezi 6 kuchokera ku Malawi amayenera kuyezedwa chifuwa chachikulu ku chipatala chovomerezeka. Kuwonjezera apo, apite kwa dokotala wa mano ndi wa maso konkuno, chifukwa kumeneko kupeza malo kumatenga nthawi. Atenge buku lake la kuchipatala. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a mphumu, a khunyu, a shuga kapena ma ARV, atenge okwanira miyezi yoyambirira, m'mapaketi ake enieni, m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Asasiye kumwa chifukwa cha manyazi ndi anzake a m'chipinda.

Akangofika alembetse kwa dokotala wa m'dera lake, amene amamutcha GP, asadikire kudwala. Afunse za katemera wa MenACWY, woteteza ku matenda oumitsa khosi, amene amaperekedwa kwa ophunzira atsopano osakwana zaka 25, ndiponso wa chikuku ngati sanamalize. Nambala ya ngozi ndi 999, ndipo yofunsira malangizo a zaumoyo usiku ndi 111.

Tsopano nkhani ya malungo, imene ingathe kutenga moyo. Mwana akhoza kulumidwa ndi udzudzu usiku wa phwando lotsanzikana, n'kukadwala atafika ku Glasgow. Kumeneko kulibe malungo, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi chimfine chimene chimagwira ophunzira ambiri milungu yoyamba. Akatentha thupi, kuzizidwa kapena kumva mutu m'miyezi yoyamba, ngakhale mpaka chaka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, anene yekha momveka kuti wachokera ku Malawi ndipo akufuna kuyezedwa malungo. Asadikire kuti afunsidwe. Safunsa anadya phula.

Pobwerera ngozi imakhala yokulirapo. Ife okhala kuno tili ndi chitetezo pang'ono chifukwa cholumidwa kawirikawiri, koma chitetezocho chimachepa munthu akakhalitsa kumene kulibe malungo. Ku Britain, ambiri mwa amene amapezeka ndi malungo chaka ndi chaka ndi anthu amene anapita kwawo ku Africa kukaona abale, akuganiza kuti malungo anawazolowera. Wobwera kutchuthi afunse dokotala za mankhwala oteteza asananyamuke. Makolo, mukonzereni neti yonyikidwa m'mankhwala tsiku loyamba, ndipo akatentha thupi mupite naye kukayezetsa msanga.

Kuyenda ndi kuona dziko

Wophunzira asangokhala m'chipinda ndi mabuku. Akaone nyumba imene Livingstone anabadwira ku Blantyre wa kumeneko, kufupi ndi Glasgow, imene tsopano ndi malo osungirako mbiri yake. Akaone mapiri ndi nyanja za kumpoto. Wa zaka 16 mpaka 25 akhoza kugula khadi yochotsera gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa sitima. Koma adziwe kuti viza ya ku Britain simulola kulowa ku France kapena Germany. Kumeneko kumafunika viza ina ya Schengen.

M'mapiri nyengo imasintha mwadzidzidzi, choncho asapite yekha ndipo auze wina kumene walowera. Akayenda m'tchire, adziyang'ane nkhupakupa madzulo, chifukwa zina zimafalitsa matenda a Lyme. Ndipo mwana wa ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi, wodziwa kusambira, asadumphire m'nyanja za kumeneko. Madzi ake ndi ozizira ngakhale m'chilimwe, ndipo kuzizirako kumabanikitsa munthu n'kulemetsa manja ndi miyendo m'mphindi zochepa.

Gawo la mpingo ndi makolo

Ku Scotland mipingo ya Adventist ilipo ku Edinburgh, Glasgow, Dundee, Aberdeen ndi malo ena ochepa, koma ndi yaing'ono ndi yotalikirana. Mwana wozolowera tchalitchi chodzaza, kwaya zitatu ndi msonkhano wa misasa akhoza kupeza anthu makumi ochepa okha. Asakhumudwe. Mumpingo waung'ono mlendo amaoneka msanga, amaitanidwa ku chakudya cha masana, ndipo amapatsidwa ntchito. Asananyamuke apeze keyala ya mpingowo ndi basi yopitira, ndipo akapezekeko Sabata loyamba lenilenilo. M'mera mpoyamba: wodumpha Masabata atatu oyamba chifukwa cha kutopa ndi kuzizira amavutika kudzuka lachinayi. Abusa athu alembere abusa a kumeneko kuti kukubwera mwana wathu.

Inu makolo, panganani nthawi yoimbirana mlungu uliwonse. Iwo amakhala m'mbuyo mwathu ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ndi ola limodzi m'chilimwe. Mukamaimba musangofunsa za mayeso. Funsani kuti wadya chiyani lero, watuluka panja kodi, wacheza ndi ndani pa Sabata. Muimbe naye nyimbo imodzi yolandira Sabata pafoni.

Ndipo musamusenzetse mavuto onse a ndalama a pakhomo. Ndalama imene amalandira inawerengedwa kuti ikwanire lendi, chakudya ndi mabasi a munthu mmodzi m'dziko lodula. Wa viza ya wophunzira wa digiri amaloledwa kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa mlungu sukulu ili mkati, ndipo wolowa ngati mlendo wa miyezi yosapitirira 6 saloledwa konse. Maganyu ambiri a ophunzira, m'masitolo ndi m'malo odyera, amafuna anthu Lachisanu usiku ndi Loweruka. Mwana amene akulandira mauthenga a fizi ya mng'ono wake, feteleza ndi malata tsiku lililonse adzayamba kudumpha chakudya, kenako tulo, kenako Sabata. Tisamuike pamalo oti asankhe pakati pa kumvera makolo ndi kusunga lamulo lachinayi.

Ngati mumpingo mwanu muli wachinyamata amene akunyamuka chaka chino, a dipatimenti ya zaumoyo ndi a achinyamata mukhale naye pansi pamodzi ndi makolo ake mwezi umodzi ulendo usanafike. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mutenge pepala, mulembe nthawi zolowera dzuwa, keyala ya mpingo, manambala aja atatu, ndi mankhwala amene akufunika. Mukamaliza mugwade, mumupereke m'manja mwa Mulungu amene anasunga Danieli ku Babulo.